Penti ya ufa mu uvuni wanga wa masikono

Chaka chimene mwana wathu woyamba ankakwawa, tinkakhala kuseri kwa galaja ina, m'mbali mwa msewu wa ku Mwami. Amuna anga ankapenta zitsulo za galimoto. Ine ndinkaphika masikono mu uvuni wa dilamu, makala pansi, makala pamwamba, n'kumagulitsa kwa madalaivala.

Tsiku lina dalaivala wa lole anawabweretsera chitini cha penti ya ufa yochokera ku Joni. Ufa weniweni, wofiira ngati dothi la katondo. Akuti umatenthetsa chitsulo, n'kuwaza ufawo, n'kuchiwotchanso mpaka usungunuke, ukauma dzimbiri silipeza polowera. Koma galajayo inalibe uvuni. Uvuni unali wanga.

Zoti augwiritsa ntchito sanandiuze ayi. Ndinali ku Madzimoyo, kukathandiza amayi kukumba mtedza. Nditabwerako ndinaphika monga mwa masiku onse, sikono yoyamba ndinapatsa mwana azikukuta ndi timano take tiwiri. Potulutsa ena ndinaona madontho ofiira atauma pansi pa dilamu, kafungo ngati pulasitiki wapsa. Kucheuka, mwana kukamwa kuli psuu!

Ndinamunyamula chomwecho, mbereko kuiwala.

"Atate ake mwana! Mwandiphera mwana!"

Anatuluka m'galaja atanyamula limu ya teyala, yofiira, yonyezimira.

"Amake mwana, ndinawotchamo malimu awiri okha..."

Sindinamve zotsalazo, ndinali ndayamba kale kuthamanga, ndikuika khutu pachifuwa cha mwana, ndikumugwedeza asagone, ndikutchula Maria Woyera, iwo pambuyo panjinga akukuwa kuti ndikwere, ine osaima.

Kuchipatala anesi, mayi wachikulire, anamupukuta m'kamwa ndi kansalu, n'kukayang'ana pawindo, n'kutikita ndi chala.

"Mayi, ili ndi dothi. Mwana wanu wadya katondo ngati anzake onse."

Ndinakhala pansi pasimenti ndikulira. Anesiwo anatembenukira kwa amuna anga, amene anali pakhomo thukuta lili kamukamu.

"Koma inu bambo, zitsulo ndi masikono uvuni umodzi? Mufuna mwanayu akule wonyezimira ngati galimoto? Masikonowo mukataye."

Ndinawakwirira kudzala onse, nkhuku zisatole. Tsiku lomwelo amuna anga anadula dilamu lina, n'kuliika kutali, pansi pa mtengo wa mango. Lakale linakhala lawo. Mlungu wonse ankandiitana kuti "bwana wa uvuni", ine osaseka, kenako ndinaseka.

Lole ija inkadutsa itasenza thonje, fumbi thupi lonse, koma malimu ali psuu ngati apentedwa dzulo. Amuna anga ankakweza mwana paphewa: "Ona ntchito ya atate ako!" Mwana n'kumawomba timanja.

Galaja ija anaigumula, ndipo amuna anga anatisiya kalekale. Mwana uja lero ali ndi ake. Koma mpaka pano, ndisanaike thireyi, ndimayamba ndasuzumira mu uvuni, n'kununkhiza.