Tiana ta Makoswe ndi Mwana Wanga wa M'chikuta

Ntchito yanga ku Doha inali yosamalira makoswe. Kumudzi ndinkangoti ndimagwira ku labu, chifukwa ndani angakwere ndege kukadyetsa chinthu chimene kwathu timachithamangitsa ndi chibonga?

Madokotala ankatenga tiana ta makoswe tosaphenya, n'kutitsekera m'bokosi lagalasi, n'kuchepetsa mpweya wa okosijeni. Ankafuna kudziwa zimene zimachitika m'bongo mwa khanda likabanika pobadwa. Pakapita kanthawi tianato tinkayamba kunjenjemera, kamutu kugwedezeka, timiyendo kupalasa m'malere. Akatitulutsa ankatibaya mankhwala n'kutigoneka pa kansalu kofunda kamagetsi. Ine ndinkatsuka mabokosiwo n'kubwezera tianato kwa amawo. Sindinkatimvera chisoni, ndisaname.

M'chaka cha korona mkazi wanga anachira kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Mwana wamwamuna. Apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, ndi amene ankagwira foni, ndipo anandiuza kuti zonse zili bwino, kungoti mwana anachedwa kulira. Nditapempha chithunzi anakana. Anati mwana wa m'chikuta, amene mchombo sunagwe, saonetsedwa kwa anthu. Ine bambo wake ndinasanduka anthu.

Kwathu munthu wakutali sauzidwa zoipa. Amati angataye mtima ali kwa eni. Ndiye tsiku lililonse yankho linali lomwelo, ali bwino, akungodzidzimuka pang'ono. Mpaka mkazi wanga anaba foniyo apongozi atapita kudambo, n'kundionetsa mwanayo pavidiyo. Kamlomo kankatafuna popanda bere, maso atatembenukira mbali imodzi, miyendo ikupalasa. Mtima wanga unagwa, chifukwa kupalasa kumeneko ndinkakuona mlungu uliwonse kuntchito.

Ndinakuwa kuti athamangire naye kuchipatala chachikulu cha kuboma. Apongozi atabwera anandizazira kuti ndisabweretse zachizungu pa mwana wongodzidzimuka. Ananyamuka mawa lake, mkazi wanga atawalirira. Kumeneko makina a mpweya anali ochepa, onse ali pa odwala korona, ndipo anawauza kuti adikire.

Nthawi imeneyo malamulo a ntchito anali atangosintha, tinkatha kutuluka m'dziko popanda chilolezo cha bwana. Ufulu wake unali wotani ndege zitaima? Mnzanga wa ku Chipata amene tinkagona chipinda chimodzi anayesa kundilimbitsa.

"Baba, mafulaiti onse ali kanselodi, ndipo mukafika kuli kwarantini. Inshallah, Mulungu akalola, mwana akhala bwino, pitani pa shifiti."

Ndinapita. Ndinatsegula chipinda chimene munali masilinda a okosijeni atandandalika kukhoma, odzadza, odikira makoswe. Sindinakwiyire madokotala aja, ntchito yawo ndi yoti ana ena adzapulumuke. Koma ndinawawidwa mtima, ndipo kuwawako sikunathe.

Foni inabwera ndili m'basi yobwerera ku Al Thumama, kumene tinkagona. Anali apongozi, mawu ali phee.

"Bambo, mwana uja tinataya dzulo. Azimayi tinakamuika tokha, monga mwa mwambo. Musalire, wa m'chikuta saliridwa, mungamutseke mkazi wanu, osadzaberekanso."

Dzulo. Dzulo lomwelo anali atandiuza kuti akupezako bwino.

Ndinakokera masiki m'mwamba n'kulira choncho, pakati pa anthu osandidziwa. Dzina ndinali nditamusankhira kale. Palibe anandifunsa, ndipo mpaka lero sindinauzepo munthu.