Nkhope Yanga Inatsala mu Pulasitala

Ntchito yanga yoyamba ku Nairobi anandipezera Yamikani, mnzanga wa ku Ntcheu amene tinkakhala naye chipinda chimodzi ku Madaraka tonse tili pa koleji. Anaona pa gulu la pafoni la ophunzira achimalawi kuti kampani ina ikufuna anthu okayesedwa pa filimu yochokera m'buku la komiki. "Aise, pita," anatero. "Mawu akowo ukuwawononga ndi kuitanira maminibasi a matatuwa basi."

Dzina langa ndine Limbani, munthu wa khungu lachialubino. Ndinazolowera kuti ndikalowa m'chipinda anthu amayamba andiyang'ana kaye, zonena zanga n'kuzimva pambuyo, ngati azimva n'komwe. Ndiye pamene a Kamau, amene ankatsogolera filimuyo, anatsinzina n'kundiuza kuti ndibwereze mawu amene anandipatsa, mtima wanga unasungunuka. Ndinati nayu munthu amene akundimvera ndi makutu. Tsiku lomwelo anandiuza kuti malo a mdani wamkulu wa mufilimuyo ndi anga.

Komikiyo ndinaiwerenga mpaka chikuto chinathothoka. Ngwazi yake inali mnyamata woyendetsa boda, kabaza wa njinga yamoto, amene amatulutsa mphezi m'manja. Mdani wake anali Bwana Jivu, mpondamatiki amene anagula zitsime ndi mapaipi onse a mumzinda n'kumagulitsa madzi kwa amphawi pa mtengo woboola m'thumba. Nkhope yake inapsa pa ngozi ya kufakitale, choncho ankavala chigoba chotuwa, ndipo dzina lakelo m'Chiswahili limatanthauza phulusa. Munthuyu ndinamukonda. Kuipa kwake kunali kwa dyera, kumene aliyense amene anaimapo pamzere wa madzi ndi chigubu amakudziwa. Ndinamukonzera mawu otsika, a munthu amene safunika kukuwa chifukwa aliyense amuopa kale. Ndinkayeserera m'bafa mpaka Yamikani ankamenya chitseko kuti madzi a landilodi ndisawabe ngati Jivuyo.

Kampaniyo inkagwirira ntchito m'nyumba ina ku Spring Valley, ndipo kuseri kwake kunali kachipinda ka Achieng, mayi wopanga zigoba. Chigoba cha mufilimu sachigula pamsika, amachiumbira pa nkhope ya mwini wake. Achieng anandiveka kachipewa ka labala kobisa tsitsi, n'kundipaka vaselini pa nsidze ndi zikope kuti zisazuke. Kenako anasakaniza alijineti, ufa womwe madokotala a mano amadindira nawo mano, n'kundimata nkhope yonse, kusiya timabowo ta mphuno tokha. Pamwamba pake anakuta ndi mabandeji onyowa a pulasitala. Alijineti ndi wozizira, koma pulasitala akamauma amatentha, ndipo iwe uli m'kati muja suona kanthu, sungayankhule, ukungomva mtima wako ukugunda m'makutu. Achieng anandigwira dzanja nthawi yonseyo. "Pole, ndugu yangu. Ukatopa undifinye dzanja," ankatero, akundipepesa m'Chiswahili.

Zitauma anandiuza kuti ndiwerame ndi kukwinya nkhope, ndipo chinthucho chinasomphoka chokha. M'kati mwake anathiramo pulasitala wolimba. Mawa lake ndinapeza nkhope yanga ili patebulo, yoyera, yotsinzina, ndi kachipsera ka pachibwano kamene ndinakapeza nditagwa pa njinga ndili mwana. Ndinaseka, ndinaijambulanso n'kutumizira mlongo wanga Tadala kumudzi ku Machinga. Pa nkhope ya pulasitalayo Achieng anaumbapo zipsera za Jivu ndi dongo, n'kupanga chikombole, n'kuthiramo silikoni, labala wofewa ngati khungu. M'mawa uliwonse ankandimata chigobacho ndi guluu wa pakhungu, kusalaza m'mphepete mwake ndi kupopera utoto wotuwa. Ndikadziyang'ana pagalasi sindinkadziona. Ndinali munthu wina, ndipo ntchito ya wosewera ndi imeneyo. Masabata oyambawo ndinali wosangalala kwambiri, sindibisa.

Zinasintha tsiku limene kunabwera bambo wina wa ku Muthaiga amene ankaika ndalama mufilimuyo. Anandipeza pa nthawi ya nkhomaliro nditavula chigoba, ndili pansi pa ambulera ndi chipewa changa chachikulu. Sanandipatse moni. Anangondiyang'ana mmene munthu amayang'anira mbuzi pamsika, kenako anakokera a Kamau pambali.

Lolemba lotsatira tinkajambulira padenga la nyumba yosanja, dzuwa likuswa mtengo. Nditafika kwa Achieng ndinapeza chigoba chili m'bokosi, guluu sanatsegule n'komwe. Ankalephera kundiyang'ana kumaso. "Akuti lero palibe chigoba," anatero. "Ndipo mafuta ako oteteza ku dzuwa aja upukute, akuti akunyezimira pa kamera."

A Kamau anabwera akumwetulira n'kundigwira paphewa. "Limbani, takhala tikubisa chuma. Nkhope yakoyi palibe silikoni amene angatipatse." Anati zimene tinajambula kale azidula mwanzeru, ndipo Jivu azioneka mmene ndililimu. Ndinadziuza kuti wakuba madzi akhoza kukhala ndi khungu lililonse, ndipo ndinakwera padenga paja. Anyamata a magetsi anaimika zowalitsira zasiliva zondiponyera dzuwa kumaso. Maso anga salimba ndi kuwala, misozi inkangotsika, ndipo a Kamau ankati zikuoneka bwino kwambiri, ndisapukute. Pofika masana khosi ndi makutu zinali zitayamba kuwotcha ngati ndazipaka tsabola.

Titapuma pang'ono m'pamene Achieng anatulutsa chinthu chokutidwa m'nsalu. Linali fupa la mkono lopangidwa ndi pulasitiki, lokhala ndi kababu m'kati, ndipo ukadina kabatani linkawala ngati golide. A Kamau anafotokoza mosangalala kuti nkhani yakonzedwa. Jivu sanapsenso kufakitale, anabadwa choncho, ndipo chuma chake chonse chimachokera ku mphamvu ya m'mafupa mwake. Pa ndewu yomaliza ngwazi ija imuthyola mkono, n'kukweza fupalo m'mwamba, madzi n'kuyamba kutuluka m'mipope yonse ya mumzinda, anthu n'kumavina.

Tadala nayenso ndi wachialubino. Pa zaka zimene anthu ngati ife ankasakidwa kwambiri kwathu chifukwa cha bodza lakuti mafupa athu amabweretsa chuma, bambo ankagona chopingasa pakhomo, amayi ankamuperekeza Tadala kusukulu n'kukamudikirira pachipata. Malume athu, amenenso anali ngati ife, atamwalira, manda awo tinawathira konkire yokhuthala kuti anthu asawafukule. Bodza limenelo ndi limene anandiika padenga kuti ndilisewere, ndi nkhope yanga yeniyeni.

Ndinayesa kuwafotokozera mwaulemu. A Kamau anamvetsera, akugwedeza mutu ngati akumva chisoni. "Ni filamu tu, bwana," anatero. "Ndi filimu chabe. Komanso ku Malawi kwanuko adzaionera ndani?"

Apa m'pamene ndinapsa mtima. Iwo sankadziwa njira imene filimu imayenda kwathu. Imalowa pa fulashi, DJ amaithira Chichewa chake chokometsera, n'kufika m'tinyumba ta vidiyo ta pa tireding'i iliyonse, mmene ana amalowa ndi kandalama kochepa n'kukhala pamabenchi tsiku lonse. Kumeneko palibe amene amafunsa kuti wotsogolera filimu ankatanthauza chiyani. Amaona fupa la mwalubino likuwala, madzi akutuluka, anthu akuvina, basi.

"Jivu wakuba madzi ndimusewera mpaka mutatopa nane," ndinawauza. "Ndivekeni chigoba changa. Koma fupa ili sindiligwira, ndipo palibe amene alichotse pa mkono wanga."

Ndinkayembekezera kuti akalipa. Sanakalipe. Anayang'ana wotchi, anayang'ana dzuwa, n'kunena kuti, "Sawa, chabwino. Pita ukapume." Kufatsa kumeneko kukanandichenjeza. Ndinatsika, ndinayenda wapansi mpaka ku msewu wa Lower Kabete, n'kukwera matatu khosi litatuluka matuza. Usiku sindinagone ndi ululu, koma mumtima ndinkati ndapambana. Popanda ine, Jivu wawo wa mafupa palibe.

Ndinaiwala nkhope ya patebulo ija.

Patapita miyezi Achieng anandiitana kuti tikamwe tiyi ku Madaraka. Anayamba ndi kufunsa za khosi langa, kenako anaulula. A Kamau anamuuza kuti atenge nkhope yanga ya pulasitala, achotse dongo la zipsera za Jivu, athire silikoni wopyapyala pa nkhope yeniyeniyo. Anaipaka utoto wa khungu langa, anasokerera nsidze zoyera kamodzikamodzi, n'kuimata pa mnyamata amene ankadumpha ndi kugwa m'malo mwanga pa ndewu. Pa kamera, ndi utsi ndi kuwala kwa mphezi, munthu sangasiyanitse. Mawu anga a Kamau anawachotsa mufilimu yonse, anaikamo a munthu wina wokuwa ndi kuseka ngati wamisala.

"Ndikanakana akanapeza wina," anatero Achieng, akuzunguza supuni m'kapu. "Ndili ndi ana, Limbani."

Mpaka lero ndimakumbukira kuti ndi yemweyo amene anandigwira dzanja mumdima muja, ndipo ntchito yake anaigwira bwino kwambiri moti ngakhale kachipsera ka pachibwano sanakaphonye. Ndinapita kwa a Kamau, sanandilole kudutsa pageti. Amalawi ena a kutchalitchi, ogwira ntchito m'mabungwe akuluakulu omenyera ufulu wa anthu, anandimvera chisoni kwambiri, anati ndi nkhani yofunika, tidzakhale pansi. Sitinakhale pansi.

Filimuyo sindinaionere. Nkhani yake inandipeza yokha Loweruka lina m'mawa, ndikuchapa, Tadala ataimba foni.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Ndadzuka bwino, kaya iwe? Amayi ali bwanji?"

"Achimwene, filimu yanu ija yafika pa vidiyo ya pamsika. Akuionetsa tsiku lililonse."

Tadala ankagulitsa mandasi pamsika womwewo, ndipo ndalama yake ndi imene inkagula mafuta ake a pakhungu. Anandiuza kuti ana ayamba kumulondola akukuwa kuti, "Mlongo wake wa Jivu, tigawireko fupa!" Ana amaseka, iye anati zimenezo akanapirira. Koma tsiku lina bambo wina wachilendo anagula mandasi, n'kumugwira padzanja nthawi yaitali akulipira, osaseka. Kuyambira pamenepo amayi anamuletsa kupita kumsika, ndipo bambo, ndi ukalamba wawo, abwezeretsa mphasa yawo pakhomo.

Ndinakhala pansi pa simenti, manja ali thovu lokhalokha. Ndinayamba kufotokoza za pulasitala, za silikoni, za mnyamata wodumpha uja. Ndani kumudzi angakhulupirire kuti nkhope ya munthu ikhoza kugwira ntchito mwini wake atachoka?

Lero ndimagwira ntchito ya mawu okhaokha, m'masewero a pawailesi ndi zojambula za ana, ndipo adani ndimawasewerabe, chifukwa ndimawatha. Achinyamata akandifunsa za ntchitoyi ndimawauza zimene ndinaphunzira padenga paja. Asanakupake vaselini pa nsidze, funsa kuti mdaniyo ndi woipa chifukwa cha zimene amachita kapena chifukwa cha mmene anabadwira, funsa kuti amafa bwanji, ndipo funsa kuti nkhope ya pulasitala ikasungidwa ndi ndani. Yanga sindikudziwa kumene ili. Mwina ili pashelefu ina ku Spring Valley, yotsinzina, ikudikira filimu yachiwiri.

Tsiku lija Tadala sanandisiye kuti ndimalize kufotokoza. Anandidula pakati.

"Musavutike, achimwene. Ndinapita kukaionera ndekha nditafunda chitenje. Nkhope ndi yanu, koma mawu aja si anu. Ndawauza amayi kuti si inu."

Mu filimu yonseyo, munthu mmodzi yekha ndi amene anandimvera ndi makutu, ndipo ndi amene sakupitanso kumsika.