Atate athyoka dzanja pageti la chipatala

Mwaswela bwanji nonse.

Lelo ndinapelekeza Atate kuchipatala. Pawindo la mankhwala panali mtsikana mmodzi yekha, akuti anzake anasamutsidwa, mzele mpaka panja. Nditatopa ndinati, "Atate, tiyeni tikangogula kusitolo, kutsidya kwa msewu."

Mizele yowolokela anaijambula kumsika, pageti la chipatala palibe. Pobwelela, minibasi yopita ku Petauke inawagunda m'mbali, dzanja n'kuthyoka.

Chikundiwawa n'chakuti anagwada pamsewu wa tala kutola mapilisi ndi dzanja linalo, uku akuti, "Ine msewu uwu ndauwoloka kuyambila nthawi ya Chitaganya."

Ndikanangodikila, abale. Awalembela mankhwala ena, ndipo pano ndaimanso pamzele womwe uja, kumapeto.

Mukuti bwanji, tikadandaule kukhonsolo kuti ajambule mizele pageti, kapena tidikile wina afe kaye?