Leli Schembri Aphunzira Kukana

Kudera la Habana, kufupi ndi tauni ya Mackay, kunalibe munthu amene anakanganapo ndi Leli Schembri. Ankalima nzimbe ndi mkulu wake Pawlu pamunda umene bambo awo anaswa mphanje atangofika kuchokera ku dziko la Malta. Pawlu anali wapakamwa, munthu woti akalankhula pakhonde agalu a kwa aneba ankayamba kuuwa. Leli anali wa phee, womwetulira nthawi zonse. Ukabwereka thirakitala yake, ankakubweretsera yekha. Ansembe akafuna wotchetcha kumanda, dzina linali lake. Mkazi wake Marlene akamufunsa chimene akufuna kudya, yankho linali lomwelo: “Chilichonse mayi, zili bwino.”

Anthu ankamukonda kwambiri, koma palibe ankamufunsa maganizo.

Chinthu chimodzi chokha chinali chakechake: kamalo ka m’mbali mwa mtsinje, komwe anasiya mitengo ya bulugamu n’kuikako ming’oma ya njuchi. Tsiku lina akukonza pampu, Pawlu anangoti, “Tikatha kudula, tigwetsa tchire lako lija. Nzimbe zifike mpaka kumadzi.”

“Zili bwino, achimwene.”

Kuyambira pamenepo chakudya chinasiya kulowa. Lamba anaboola bowo lina. Marlene akafunsa, ankati ndi kutentha.

Mwana wawo Nadine anali namwino mumzinda wa Brisbane, ndipo anali atayamba maphunziro a uphungu. Atabwera ku tchuthi anapeza bambo ake mu shedi akunola mipeni ya makina odulira nzimbe.

“Ababa, ndibwerekeni pakamwa panu. Kusukulu akufuna tiyeserere kumvetsera.”

“Wasankha molakwika. Pita kwa abambo ako aakulu, udzachita kuthawa wekha.”

“Ndikufuna inuyo. Sindikulangizani, sindikuweruzani. Amatiphunzitsa kuti munthu mayankho amakhala nawo kale, amangosowa womumvetsera.”

“Ndiye mumalipira sukulu kuti muzingokhala duu? Ntchito imeneyo ndikanakhoza ine.”

Anakhala pazigubu za mafuta. Leli anayamba ndi mvula, kenaka mtengo wa feteleza, kenaka mpira. Nadine ankangogwedeza mutu. Nkhani zitatha, panagwa bata limene Leli sankalidziwa, poti moyo wake wonse pankapezeka wina wodzaza mpatawo. Kuti athawe batalo anatchula za kumtsinje, n’kumaliza mwachizolowezi kuti zili bwino.

“Mukuti zili bwino,” anatero Nadine, “koma chipewacho mwachifinya ngati mukuchichapa.”

Leli anayang’ana manja ake.

“Ndinene zanga, ababa? Mawu amenewo ine amandiopsa. Chikulireni sindidziwa ngati ndinakukhumudwitsanipo. Ndikakukumbatirani, sindidziwa kuti ndagwira ndani.”

Leli anatsegula pakamwa kuti aponye nthabwala, koma chimene chinatuluka chinamudabwitsa yekha. “Sindikufuna agwetse mitengo ija. Sindikufuna! Nzimbe zanditopetsa ine.”

Anadikira kuti mwanayo amutonthoze kapena amudzudzule. Sizinachitike. Nadine anangoti, “Zakutopetsani.” Ndipo Leli analankhula mpaka dzuwa linapendeka.

Koma munthu wophunzira kukana atakula sadziwa muyeso. Sabata imeneyo Leli anauza ansembe kuti maulaliki awo amatalika. Anauza mneba kuti galu wake ndi wopusa. Marlene ataika patebulo makaroni ophika mu uvuni, Leli anamuuza kuti kuyambira pa ukwati wawo amaona kuti amawaumitsa.

“Oho! Ndiye mwakhala mukumeza miyala mukumwetulira?” Marlene anamulanda mbale. “Mphika ndi uwo, bambo. Tionetseni.”

Nadine anaseka mpaka misozi, kenaka anakokera bambo ake pambali. “Kukhala inuyo weniweni si kumenya anthu ndi chilungamo. Nenani zimene zili mumtima mwanu, osati zimene zalakwika pa iwo.”

Leli anapepesa kwa mkazi wake, ndipo m’kupepesako anamuuza chinthu chimene anali asanamuuzepo: kuti ankaopa kuti akadzangodandaula kamodzi, anthu adzaona kuti alibe ntchito naye. “Ine ndinkaganiza kuti simusamala,” anatero Marlene. “Munthu wokonda chilichonse, ndimadziwa bwanji kuti ineyo amandikonda?”

Lamulungu atachokera ku Misa, mabanja onse awiri anadya kwa Pawlu. Mwini nyumba anali akufotokoza za buludoza imene anapangana ndi mwini wake kuti idzagwetse mitengo ija. Leli anamudula mawu.

“Achimwene, mitengo ija isagwetsedwe. Malo aja ndimawafuna. Ndinavomera chifukwa ndimakuopani.”

Pawlu anafiira mpaka m’makutu. “Wakulodza ndani iwe? Ndi zamasukulu za mwana wakoyu eti?” Anamenya tebulo, n’kutuluka chakudya chisanathe.

Nyengo yodula yonse abale awiriwo ankangolankhulana pa wailesi ya m’makina, za ntchito zokhazokha. Leli kangapo anafika pachipata cha mkulu wake kuti akabweze mawu ake aja, koma ankatembenuza galimoto. Zinkamupweteka, komabe anayambanso kudya bwino.

Nzimbe zitatha kupita ku fakitale, Pawlu anamupeza kumtsinje. Anatsika m’galimoto movutikira, atagwira chitseko.

“Tizilombo takoti timaluma?”

“Timaluma aphokoso.”

Pawlu anatsala pang’ono kuseka. Anakhala pachitsa, n’kuyamba kunena za buludoza, za mvula, za boma. Leli anachita zimene anaona kwa mwana wake: sanavomereze, sanatsutse, anangomvetsera. Mawu a Pawlu anayamba kutsika. Mawondo ake anali atatha, adokotala ankafuna kumuchita opaleshoni, ndipo anali asanauze ngakhale mkazi wake. Ankafuna kukuza munda kuti pasapezeke wonena kuti Pawlu wakalamba.

“Zonse ndimasenza ndekha,” anatero. “Iwe ukangovomera, ndimatsala ndekha ndi chiganizocho. Chikalakwika, cholakwa n’changa. Mwina ndinkafuna munthu wondikaniza.”

“Mukananena, achimwene.”

“Ona amene akulankhula!”

Mitengo sinagwetsedwe. Abale awiriwo anakangana za munda masabata angapo, mokweza, mpaka anagwirizana kuti chigawo chakumtunda achibwereketse kwa mlimi wina, ntchito ichepe. Leli anasiya kutchetcha kumanda. Ansembe anadandaula, kenaka anapeza wina. Anthu ena ankati bamboyo wasintha, wayamba kudzimva. Ena anayamba kumufunafuna akakhala ndi nkhani yovuta, poti tsopano akati inde ankadziwa kuti ndi inde.

Pawlu atachitidwa opaleshoni, Leli anadzipereka yekha kuyendetsa makina odulira nyengo yonse yotsatira. Marlene anamuyang’anitsitsa. “Mukufunadi, kapena zayambiranso?”

Leli anaganiza kaye. “Nzimbe sindizikonda. Koma mkulu wanga ndimamukonda. Ndikufuna.”

M’mawa woyamba wodula, Pawlu anaima m’mphepete mwa munda atatsamira ndodo ziwiri, akukuwa kuti mizere ikukhota ngati njira ya woledzera. Leli anaimitsa makina, anatulutsa mutu pawindo, n’kumuuza kuti ngati ali ndi miyendo akwere adzawongole yekha. Pawlu anamuloza ndi ndodo, anatsala pang’ono kugwa, ndipo onse awiri anaseka mpaka woyendetsa thirakitala yonyamula nzimbe anachita kuliza hutala kuti ntchito ipitirire.