Nthano Zanga Zinatsala mu Kompyuta ya Lufeyo

Ndinapuma pa ntchito ya umesenjala ku Capital Hill nditanyamula mafayilo zaka makumi atatu. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Sindibisa. Koma dzanja langa polemba makalaliki ena ankachita nalo nsanje.

Ntchito ya mabuku palibe anandipatsa. Tsiku lina ndikudutsa pafupi ndi msika ku Old Town ndinaona munthu atayala timabuku pa saka: ta mapemphero, ta maloto, ta makalata achikondi. Ndinatola kamodzi. Mapepala opinda pakati, timawaya tiwiri pamsana, basi. Chichewa chake chophotchoka, koma anthu ankagula. Ndinati mumtima, ngati ili ndi buku, ine ndili ndi mabuku.

Ndili wachinyamata ndinasankhapo fodya m'chigafa cha esiteti ina ku Kasungu. Kumeneko tsiku tinkalifupikitsa ndi nthano. Wina ayamba, ena avomera, manja ali pa fodya. Nthanozo ndinazisunga m'mutu. Nditaona timabuku tija ndinagula makope awiri a chikuto cholimba ndi mabolopeni, ndi kulemba nthano khumi ndi ziwiri kwa miyezi isanu ndi itatu. Sindinazilembe monga ndinazimvera. Zina ndinazidula, zina ndinazisintha mathero. Nyimbo za m'nthanomo zimene ndinaziiwala ndinapeka zanga. Nthano ndi ya aliyense, koma kakambidwe ndi ka mwini.

Wotayipa ndinampeza kuseri kwa depoti ya mabasi. Dzina lake Lufeyo Matemba, mwamuna wa zaka za m'ma makumi atatu, mwini kashopu ka kompyuta ziwiri ndi makina a fotokope. Ankandiitana "madala". Sindinkakonda, koma ndinamuleka, chifukwa ntchito ankaidziwa. Iye ankatayipa, ine ndikukhala pa benchi ndi bolopeni yofiira kukonza zimene waphonya. Tinatha masabata atatu.

Kwa iye ndinaphunzira kuti kabuku kopinda pakati masamba ake ayenera kugawika ndi zinayi, pakuti pepala limodzi la A4 limanyamula masamba anayi. Tsamba loyamba limagona pepala limodzi ndi lotsiriza. Ukasokoneza pamenepo, nthano imayambira kumapeto. "Madala, anu ndi masamba makumi asanu," anatero. "Dulani awiri kapena onjezani awiri." Ndinaonjezera. Mawu anga sindidulira makina. Chikuto tinaika cha manila yachikasu. Kumanga ndi sitepula yaitali imene imafika pakati pa pepala, kenako mpeni waukulu wa chogwirira umadula m'mphepete kuti masamba alingane. Tinatulutsa mabuku zana limodzi. Pachikuto panali dzina langa, B. Chikadza.

Tsiku lochoka ndinatenga makope anga awiri, ndi kuwerenga masamba ake kuti lisasowepo. Ndinatola ngakhale mapepala oonongeka a mu bini, ndi kukawatentha kunyumba ku Mchesi. Ku ofesi tinkadziwa chinthu chimodzi: fayilo ukaitulutsa m'chipinda, m'chipindamo mulibenso. Ndinkayesa kuti kompyuta ndi taipi ya masiku ano, kuti pepala likatuluka zatha. Palibe anandiuza kuti imameza. Lufeyo anandiona ndikutola mapepala mu bini, anangomwetulira.

Kugulitsa kunali kwa miyendo. Minibasi mpaka City Centre, kenako wapansi ku Area 10, Area 12, Area 47. Kumeneko sugogoda pa chitseko, umagogoda pa geti, ndipo amakuyankha ndi galu kapena mlonda. Sabata ina ndinkagulitsa atatu, ina palibe. Patatha miyezi isanu ndinali nditagulitsa osakwana theka.

Ndiye ndinafika pa sukulu ina ya pulaiveti ku Area 47. Mphunzitsi wamkulu anali Mayi Nyasulu, a ku Rumphi, munthu waulemu koma wosazungulira. Anatsegula kabuku kanga, anawerenga tsamba limodzi, nkhope inasintha. Anatsegula dirowa ndi kutulutsa buku lina, la chikuto chonyezimira cha zithunzi zamitundu. Mutu wina. Wolemba: Lufeyo Matemba. Ndinatsegula. Nthano zanga, zonse khumi ndi ziwiri. Anangosintha maina a anthu ena.

"Bambo, bukuli tinagula kale," anatero mayiwo. "Si bwino munthu wamkulu ngati inu kumagulitsa fotokope ya buku la mnzanu."

Zaka makumi atatu ndinanyamula makalata a boma, palibe ngakhale envulopu imodzi inasowa m'manja mwanga. Tsiku limenelo ndinatchedwa wakuba, wa mawu anga omwe. Ndikanati ndili ndi makope, akanati ndinakopera pamanja. Buku lake linali lokongola, langa la manila. Ndani akanakhulupirira manila? Ndinangofunsa ngati wolembayo amamudziwa. Anati abwera Lachisanu kudzawerengera ana ndi makolo. Ndinathokoza ndi kutuluka.

Mayi a kunyumba anati, "Asiyeni, Mulungu aona." Ndinati aone ndithu, koma nanenso ndikufuna kuona. Ndinasita suti imene ndinapumira nayo pa ntchito.

Lachisanu ndinafika kusanadzaze. Mlonda anandiyesa agogo a mwana wina. Ndinakhala mpando wa kumbuyo, makope m'jumbo. Ana anakhala pansi, makolo pa mipando. Lufeyo analowa atavala jekete, mabuku atawunjika pa tebulo, bolopeni m'manja yosainira. Anamuombera m'manja. Inenso ndinaomba.

Anasankha nthano ya munthu woipa amene anagwira mtsikana ku chitsime, ndi kumutsekera m'ng'oma, ndi kumayenda nayo m'midzi akunena kuti ng'oma yake imaimba yokha. Anawerenga bwino, pamenepo sindimunamizira. Koma nthano imeneyo pakati pake pali nyimbo, ndipo nyimbo ya nthano saimba munthu mmodzi. Wokamba amatsogolera, omvera amavomera. M'kope langa ndi m'kabuku kanga, mzere uliwonse wovomera ndinauika kamtanda kakang'ono kumayambiriro. Lufeyo sanandifunsepo kuti timitandato n'tachiyani. M'buku lake anatifufuta tonse kuti tsamba lioneke loyera. Atafika pa nyimboyo anaiwerenga mzere ndi mzere ngati chidziwitso cha msonkhano.

Mayi Nyasulu anamudula. "A Matemba, imeneyo ndi nyimbo. Tiimbireni, ana aphunzire."

Lufeyo anaseka. Anakhosomola. Anati ali ndi chimfine. Mayiwo anati palibe kanthu, ngakhale pang'ono. Lufeyo anayesa kuika mawuwo m'kaimbidwe ka kolasi ya ku tchalitchi. Mawu anakana kulowa. Anayambanso, anakananso. Ana anayamba kuseka m'manja.

Ndinaimirira. "Mayi, ndiwathandizeko alembi athuwa?"

Lufeyo anandiona. Bolopeni inagwa. Ndinayenda pang'onopang'ono kupita kutsogolo, pakuti panalibe chothamangira. Ndinauza ana kuti ine ndikaimba mzere, iwo aziti "Tsegulani, amayi", ndi kuomba m'manja kawiri. Ndinayamba:

Ng'oma iyi ili ndi mpweya,
Tsegulani, amayi.
Anandigwira ku chitsime,
Tsegulani, amayi.

Kachiwiri makolo ena analowa m'nyimboyo. Kachitatu amayi awiri okolopa amene anali pa khomo anaika ndowa pansi ndi kuvomera. Holo yonse inaimba.

Nditaleka, Lufeyo anandiyandikira. "Madala, tikambirane panja."

"Ndine a Chikadza," ndinatero mokweza. "Tikambirana pompano. M'buku lanuli muli nyimbo zisanu ndi zinayi. Imodzi ndaimba ine. Sankhani mwa zotsalazo imene mukufuna. Tidikira."

Tinadikiradi. Sindinamuthandize ndi mawu amodzi. Ndinkamuyang'ana thukuta likutsika m'kolala. Mwana wina anafunsa mokweza kuti, "Ticha, bwanji sakuimba?" Ndikanatha kulekera pomwepo. Sindinaleke. Ndinatsegula buku lake nthano ndi nthano, ndikumufunsa, "Nanga iyi?" Iye kulephera, ine ndikuiimba. Ndinatero katatu. Kenako ndinatulutsa makope anga ndi kuwaika pa tebulo, pamwamba pa mulu wa mabuku ake. Munali mofufuta, molembanso, mong'ambika. Munthu wokopera safufuta nthano yonse ndi kuiyambanso.

Mayi Nyasulu anawatsegula nthawi yaitali. Kenako anauza makolo kuti lero sikugulitsidwa buku. Anatembenukira kwa ine, pamaso pa anthu onse. "Bambo Chikadza, ndinakulakwirani. Pepani." Amenewo ndinawakhululukira pomwepo. Analakwa posadziwa. Sabata yotsatira anatenga mabuku anga onse otsala.

Wina anganene kuti zinakwana. Kwa ine ayi. Ndinafunsira sukulu zina zimene Lufeyo anagulitsako, ndi kupita ku iliyonse ndi makope anga ndi kalata ya umboni imene Mayi Nyasulu anandilembera. Zinali zisanu. Ndinatha mwezi, nsapato zinatha chidendene. Sindinadandaule.

Loweruka lina anabwera kunyumba ndi amalume ake, atanyamula tambala. Amalumewo analankhula bwino. Anati mwana walakwa, njala ya m'tauni, musamuphere ntchito. Tambala ndinakana. Ndinati Lufeyo abweretse mabuku ake onse otsala. Anabwera nawo m'makatoni awiri. Ndinamupatsa mpando pabwalo ndi kumuuza kuti ang'ambe chikuto chilichonse ndi manja ake, ine ndikuona. Anang'amba mpaka dzuwa kupendeka. Mayi a kunyumba anamupatsa madzi. Ine sindinaletse, sindinalamule.

Pano ndili pa kabuku kachinayi. Ndimatayipitsa kwina. Ndimakhala kumbuyo kwa wotayipa kuyambira liwu loyamba. Tikamaliza, zonse zimalowa mu fulashi yanga, imene ndimaimanga pa chingwe m'khosi. Iye amafufuta mu kompyuta ine ndikuona, ndi kukhuthula bini ya m'kati mwake, pakuti ndinamva kuti nayonso ili ndi bini. Ndisanagulitse ngakhale limodzi, ndimakalembetsa ku ofesi yoona za umwini wa mabuku ndi nyimbo. Amene mukufuna ntchito imeneyi, phunzirani pa ine: usapereke chinthu chako kwa makina amene sukudziwa pamene amasungira, ndipo usachite manyazi kufunsa. Ine ndinachita manyazi kufunsa mwana, ndipo ndinatchedwa wakuba.

Lufeyo akadali kuseri kwa depoti, akupanga fotokope ya ziphaso ndi masatifiketi. Ndikamapita ku msika ndimadzera pamenepo, ngakhale ndi njira yozungulira. Ndimaima pa khomo ndi kumupatsa moni kuti makasitomala amve: "Mwadzuka bwanji, alembi?" Amayankha atayang'ana pansi. Abusa anandiuza kuti ndimukhululukire, n'zakale izi. Ndinati ndamva, abusa. Ndidzamukhululukira tsiku limene adzaimbe imodzi.