Botolo la kunja kwa golo

Amuna anga ndi mphunzitsi wa sitandade folo, koma mukawafunsa ntchito yawo akuuzani za mpira wa m'holo, uja wa osewera asanuasanu wotchedwa futsal. Bondo linawathera ali mnyamata. Chimene chinawatsalira ndi wenzulo ndi ana a eni ake.

Anawo kupatsirana mpira ankatha, koma akafika pagolo miyendo inkachita dzanzi. Sindikuwanena. Holo ya pasukulupo ili ndi mawindo mbali zonse, ndipo woswa galasi ankalawa chikwapu. Chaka chonse timuyo sinagoletse n'chimodzi chomwe.

Tsiku lina ahedi anawaitana. "Aphunzitsi, mukapanda kugoletsa Loweruka lino, holoyi ndisungiramo madesiki othyoka. Ndatopa kumva phokoso lopanda phindu."

Anabwera kunyumba nkhope ili gwa, chakudya osachikhudza. M'mawa ndinapeza mabotolo anga onse apulasitiki palibe, ngakhale la mafuta ophikira.

"Abambo, mafuta anga mwathira muti?"

"Ali m'kapu, mayi. Ndipirireni sabata ino yokha."

Mabotolowo anakawaimika m'makona a golo n'kuyambitsa masewera: wogwetsa botolo ndiye aziimba wenzulo mpaka wina agwetse lake. Ana anaiwala za mawindo. Ankalimbirana wenzuloyo ngati ndi switi, malovu a mnzawo osawanyansa. Woposa onse anali kamtsikana kena kowonda, anzake amakatcha Kachala chifukwa kamamenya mpira ndi nsonga ya phazi. Botolo likaima, Kachala saphonya.

Loweruka ndinapita nawo. Alendo anatimwetsa zigoli zitatu, ife chilipo n'kupatsirana basi. Amuna anga mawu anawathera, malaya atanyowa ndi thukuta, akutsimphina uku ndi uku m'mbali mwa bwalo. Ndinawamvera chisoni mpaka ndinayamba kukuwa nawo, ine amene mpira sindiudziwa.

Nthawi itatsala pang'ono, mpira unamupeza Kachala ali yekha. Goloboyi wa alendo anali atagwa, golo ili pululu. Mwanayo anadzutsa mutu kufuna botolo monga anazolowera, ndipo analiona: la madzi akumwa a goloboyiyo, litaimikidwa kunja kwa mtengo wa golo.

Analimenya pakati penipeni. Botolo linauluka, madzi mbwee pakhoma.

Ahedi anaimirira n'kuyamba kuyeza holoyo ndi maso. Koma Kachala anathamangira kwa aphunzitsi ake akuseka, mano onse pamtunda, dzanja atatambasula.

"Sala, ndagwetsa! Wenzulo ndi yanga!"

Amuna anga anamuyang'ana. Kenaka anavula chingwe cha wenzulo m'khosi n'kumuveka mwanayo.

"Imba, mwana wanga. Sunaphonye."

Lolemba madesiki othyoka aja amuna anga anawalowetsa okha m'holomo, ndi bondo lawo lomwelo.