Dzina Lolembedwa Msanga

Mayi Oresta akhala akulemba mayina pa madipuloma a yunivesite yathu ku Ukraine kuno kwa zaka makumi atatu. Ophunzira wamba amalandira ya chikuto chabuluu, ya chikuto chofiira ndi ya akatswiri okha. Lamulo la ntchito yawo ndi limodzi: salemba dzina mayeso omaliza asanathe.

Lamuloli analiswa kamodzi. Panali Lubomyr, mwana wa woweta nkhosa wa kumapiri, amene anali asanalepherepo mayeso. Tsiku lina anasuzumira pakhomo n'kuti, "Mayi, yanga yofiirayo musaitayire tiyi."

"Choka apa, wamatama iwe," anatero akuseka. Koma masana omwewo analemba dzina lake pa yofiira, n'kumuonetsa inki isanaume.

Pa mayeso omaliza funso limodzi linamugwetsa, yofiira n'kumuphonya. Tsiku lolandira madipuloma sanabwere, yabuluu yake sanadzaitenge, ndipo kwawo akuti sanafikeko. Papita zaka khumi ndi ziwiri.

Yofiira ija anayenera kuiwotcha, koma ikadali m'dirowa yawo. Masiku ano wophunzira akasuzumira pakhomo, Mayi Oresta amaphimba pepala ndi dzanja, ngakhale pasanalembedwe kanthu.